Makalata oduka pa waya: mmene amisiri ankasakira vuto la modemu

Anthu a m'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde masiku ano akutumiza mauthenga, zithunzi ngakhalenso ndalama pa foni ya m'manja, ndipo uthenga ukangochedwa mphindi imodzi madandaulo amayamba. Koma m'zaka za m'ma 1990, dziko la Moçambique litangotuluka m'nkhondo, kalata ya pa kompyuta inkayenda pa waya wa lamya kudzera m'kabokosi kotchedwa modemu, ndipo kawirikawiri inkafika yoduka, yosokonekera, kapena osafika n'komwe.

Amene anali ndi makinawa anali ochepa: sukulu za ukachenjede, maofesi ena a boma ndi mabungwe a chitukuko. Komabe zimene zinkayenda pa wayapo zinkakhudza anthu a kumudzi. Mndandanda wa mankhwala osowa pa chipatala kapena pempho la mbewu likaduka pa njira, wovutika anali wodwala ndi mlimi, pomwe ofesi inkalipirabe mphindi zonse zimene lamya idagwira ntchito pachabe. N'chifukwa chake amisiri a nthawiyo adaphunzira kusaka vuto mwadongosolo, kuyambira pafupi kumka kutali, osasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Mmene zidayambira

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, malamya m'dziko muno anali osowa kwambiri. Pa anthu 100 aliwonse panalibe ngakhale lamya imodzi yathunthu, ndipo ochepa amene analipowo anali m'mizinda. Maboma ambiri a kumidzi ankalankhulana ndi likulu la chigawo pa wailesi za mauthenga.

Pofika 1993, nthambi ya makompyuta ya Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, yotchedwa CIUEM, inali itayamba kutumiza ndi kulandira makalata a imelo, amene pa Chipwitikizi amati correio electrónico. Nthambiyi inkatsogoleredwa ndi Venâncio Massingue, yemwe mu 2005 adadzakhala nduna ya za sayansi. Kompyuta ya ku Maputo inkasonkhanitsa makalata n'kumapatsirana pa lamya ndi kompyuta ya ku Rhodes University, mumzinda wa Grahamstown ku South Africa, womwe tsopano ukutchedwa Makhanda. Kuchokera kumeneko makalata ankapitirira ku maiko ena.

Maiko oyandikana nawo adayamba m'njira yofananayo. Ku Malawi ntchitoyi idayambira ku Chancellor College ku Zomba, ndipo ku Zambia kampani ya Zamnet, yomwe idachokera ku University of Zambia, idayamba kupereka intaneti mu 1994. Mu 1999 CIUEM, mothandizidwa ndi bungwe la IDRC la ku Canada, idatsegula malo oyamba pomwe anthu wamba ankatha kugwiritsa ntchito kompyuta ndi lamya ku Manhiça ndi ku Namaacha, boma la m'malire ndi Swaziland, dziko lomwe lero ndi Eswatini. Nawonso malowa ankadalira modemu poyimbira ku Maputo.

M'zaka zoyambirirazo, munthu wa ku Tete wofuna kutenga makalata ake ankayenera kuyimba lamya ya kutali, pamtunda wa makilomita oposa 1,500. Mphindi iliyonse inali ndalama.

Modemu n'chiyani

Waya wa lamya adapangidwira mawu a munthu, osati zilembo za kompyuta. Tsono ntchito ya modemu inali kusandutsa zilembo kukhala malikhweru ndi mkokomo woti uyende pa waya, ndipo modemu ya tsidya linalo inkabweza malikhweruwo kukhala zilembo. Akuluakulu amene adagwirapo ntchito m'maofesi amakumbukira kulira kwake, kokhala ngati nkhululu zasakanikirana ndi wailesi yosowa siteshoni. Pa kulirako modemu ziwirizo zinkayesa mzere ndi kugwirizana liwiro loti zilankhulirane.

Liwiro linkawerengedwa m'mabiti pa sekondi. Modemu ya 2,400 inkanyamula zilembo pafupifupi 240 pa sekondi, kotero tsamba limodzi lodzaza linkadutsa m'masekondi 10. Ya 9,600 inkanyamula zilembo pafupifupi 960. Modemu za 14,400 zidabwera mu 1991, za 28,800 mu 1994, za 33,600 mu 1996, ndipo muyeso wa 56,000 udakhazikitsidwa mu 1998. Chithunzi chimodzi cha foni ya masiku ano, cha mamegabayiti atatu, chikadatenga pafupifupi ola lathunthu pa modemu ya 9,600.

Chofunika kumvetsa n'chakuti liwiro likamakwera, malikhweru aja amayandikana kwambiri, ndipo kaphokoso kakang'ono pa waya kamakwanira kusokoneza chilembo. Anthu awiri olankhulana patsidya la mtsinje wosefukira amamvana akamatchula mawu amodziamodzi. Akayamba kuthamangitsa pakamwa, madzi amameza theka la nkhani.

Choyamba, mvera waya

Mmisiri wodziwa ntchito sankayamba ndi kutsegula kompyuta. Ankachotsa modemu, n'kulumikiza lamya wamba pamalo omwewo, n'kuyimba nambala imodzi yokha kuti kulira kwa mzere kuleke, kenaka n'kutchera khutu.

Akamva kuthetheka ngati chimanga chokazinga, ankadziwa kuti penapake mawaya alumikizana mosalimba, achita dzimbiri kapena alowa madzi. Akamva kung'ung'uza kosalekeza, ankakayikira kuti waya wa lamya wayandikana ndi wa magetsi kapena wakhudza nthaka. Akamva mawu a anthu ena chapatali, ndiye kuti mizere iwiri ikulowerana. Munthu amatha kucheza bwinobwino pa lamya yotero, pakuti khutu limadzaza lokha mawu osowa. Modemu ilibe nzeru imeneyo.

Kenaka ankazula china chilichonse cholumikizidwa pa mzerewo, monga lamya ya m'chipinda china ndi makina a fakisi, n'kuyesa modemu pomwe waya walowera m'nyumba. Vuto likatha, ndiye kuti lili m'nyumba momwemo, mwina pa waya wodyedwa ndi makoswe kapena wopsinjidwa ndi chitseko. Likapitirira, ndiye kuti lili panja, pa mitengo ya lamya kapena ku nyumba yolumikizira mizere, ndipo imeneyo inali ntchito ya amisiri a kampani ya malamya ya TDM.

Nyengo nayo inkapereka umboni. Vuto loyamba mvula ikagwa, n'kutha dzuwa likawala masiku awiri, linkaloza ku chinyezi m'malo olumikizira mawaya. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, madera a mapiri ngati Angónia ndi Tsangano amalandira mvula yambiri ya mphezi, ndipo waya wa lamya umatha kunyamula mphamvu ya mphezi yogwera patali n'kuotcha modemu pamodzi ndi kompyuta. Kuzimitsa makina kokha sikunkakwanira. Lamulo linali kuzula waya wa lamya mitambo ikangoyamba kuda.

Mawu a pa galasi

Modemu inkanena yokha pomwe yalepherera, kudzera m'mawu ochepa a Chingerezi olembedwa pa galasi la kompyuta. Mlembi wa mu ofesi, ngakhale wodziwa Chipwitikizi ndi Chinyanja chokha, ankawaloweza.

Mawu oti NO DIALTONE ankatanthauza kuti modemu sikumva kulira kwa mzere. Nthawi zina waya unali wozuka kapena wolowetsedwa pa bowo lolakwika, pakuti modemu zambiri zinali ndi mabowo awiri, lina la mzere ndi lina la lamya. Nthawi zina mzere unali bwino, koma modemu yogulidwa kunja sinkazindikira kaliridwe ka lamya za kuno. Mankhwala ake anali kulemba lamulo loti ATX3, lomwe limauza modemu kuti ingoyimba osadikira kulirako.

Malamulo oyamba ndi zilembo AT adachokera ku kampani ya Hayes ya ku America mu 1981, ndipo modemu za makampani ena zidawatengera. Lamulo la ATDT linkayimba ndi malikhweru, pomwe la ATDP linkayimba mogogoda ngati lamya yakale yopukusa ndi chala, ndipo mizere ina yakale inkamva njira yachiwiriyi yokha. Mu ofesi yoyamba kuyimba 0 kuti upeze mzere wa kunja, ankaika mpumiro pambuyo pa 0, kuti modemu idikire masekondi awiri. Zinthu zikasokonekera kotheratu, lamulo la AT&F linkabwezera modemu mmene idachokera ku fakitale.

Mawu oti BUSY ankatanthauza kuti nambala ili yotanganidwa, ndipo panalibe chokonza koma kudikira. Ambiri ankayimba usiku kapena mbandakucha mizere ili yosadzaza. Mawu oti CONNECT, otsatiridwa ndi nambala, ankasonyeza liwiro limene modemu ziwirizo zagwirizana. Modemu ya 33,600 ikamangolumikizana pa 9,600 tsiku ndi tsiku, umenewo unali umboni woti waya uli ndi phokoso.

Mawu owawa kwambiri anali NO CARRIER, kutanthauza kuti mzere waduka. Kawirikawiri wina ananyamula lamya m'chipinda china, kapena phokoso linakula kwa kamphindi. Modemu zambiri zinkadikira pafupifupi sekondi imodzi ndi theka basi zisanadule. Amisiri ankatalikitsa nthawiyi polemba ATS10=50, kuti modemu ipirire masekondi asanu. Pa makompyuta a Windows mavuto omwewa ankabwera m'manambala: 680 mzere sukumveka, 676 nambala yotanganidwa, 678 tsidya linalo silikuyankha, ndipo 691 dzina kapena mawu achinsinsi alakwika.

Zilembo zachilendo

Nthawi zina modemu zinkalumikizana bwino, koma pa galasi n'kumatuluka zizindikiro zosawerengeka. Apa mmisiri ankasiyanitsa mitundu iwiri. Ngati mawu akuwerengeka koma mwa apo ndi apo mukulowa zinyalala, vuto linali phokoso la pa waya. Ngati zonse n'zosawerengeka kuyambira poyamba, ndiye kuti makompyuta awiriwo sadagwirizane kawerengedwe. Ina inkatumiza chilembo m'mabiti 8, ina n'kumayembekezera 7. Kulemba 8N1 mbali zonse ziwiri kunkathetsa nkhaniyo.

Olemba Chipwitikizi anali ndi vuto lawolawo. Njira zakale za imelo zidapangidwira zilembo za Chingerezi, kotero zilembo monga ç, ã ndi é zinkafika zitasanduka zizindikiro zina. Ambiri adangozolowera kulemba popanda timichira ndi tizipewa, ndipo dzina la dziko linkalembedwa Mocambique. Limeneli silinali vuto la waya, ndipo kusintha modemu sikukadathandiza kanthu.

Pang'onopang'ono ndi mtolo

Popeza phokoso pa waya silingatheretu, akatswiri adapeza njira yoti uthenga uzidziyesa wokha. Mu 1977 Ward Christensen wa ku Chicago adalemba njira yotchedwa XMODEM, yomwe inkadula fayilo m'timitolo ta zilembo 128. Kumapeto kwa kamtolo kalikonse kunkaikidwa nambala yowerengetsera zimene zili m'katimo. Zili ngati mayi wotuma mwana kukapereka ndalama kwa azakhali ake, n'kumupatsanso kapepala konena kuti ndalamazo ndi zingati. Wolandira amawerenga, ndipo zikapanda kukwana amadziwa pomwepo.

Kompyuta yolandira inkachita chimodzimodzi. Nambala ikagwirizana inkavomera kuti kamtolo kotsatira kabwere, ikasiyana inkapempha kuti kamtolo komweko katumizidwenso. Ikalephera kakhumi motsatizana, ntchito yonse inkaima, ndipo munthu ankayambiranso poyamba.

Njira ya Kermit, yochokera ku Columbia University ku New York mu 1981, inali yochedwa koma yopirira pa mizere yoipa chifukwa cha timitolo take tating'ono. Mu 1986 Chuck Forsberg adatulutsa ZMODEM, yomwe inali ndi ubwino waukulu kwa olipira lamya ya kutali: mzere ukaduka fayilo ili pakati, poyimbanso inkapitiriza pomwe idalekera. Pambuyo pake modemu zenizenizo zidayamba kudziyesera zokha timitolo, mwa njira zotchedwa MNP ndi V.42.

Komatu kuyesaku kunali ndi chinyengo chake. Pa waya woipa, modemu yothamanga inkangobwereza timitolo ndi kuima kuti iyesenso mzere, kotero munthu ankaona nambala yaikulu pa galasi koma fayilo osasuntha. Amisiri ankaikakamiza kutsika, mwina kuchoka pa 28,800 kufika pa 9,600, potsatira buku la modemuyo, ndipo fayilo inkafika msanga kuposa poyamba. Kuthamanga sikufika.

Vuto la m'nyumba momwemo

Sikuti nthawi zonse wolakwa anali waya wa panja. Pakati pa modemu ndi kompyuta panali chingwe china chachifupi, ndipo pamenepanso zilembo zinkatayika.

Aliyense amene adapitapo ku chigayo amadziwa kuti wothira chimanga amayang'ana mmene makina akumezera. Akathira mopitirira, chigayo chimatsamwa. Kompyuta ndi modemu nazonso zinkafunika chizindikiro chouzana kuti ima kaye, kenaka pitiriza. Njira imodzi, ya RTS/CTS, inkagwiritsa ntchito timawaya tapadera m'chingwe chija. Chingwe chotchipa chosowa timawayato chinkachititsa kuti makalata aafupi azidutsa bwino, koma fayilo yaikulu izifa pakati.

Njira ina, ya XON/XOFF, inkagwiritsa ntchito zilembo ziwiri zapadera zoyenda pamodzi ndi uthenga. Tsoka lake, zilembo zomwezo zimapezeka mwangozi m'kati mwa zithunzi ndi mafayilo opanikizidwa, ndipo makina akaziona ankaima chilili poyesa kuti auzidwa kudikira. Tsono chizindikiro chake chinali chodziwika: mawu wamba akudutsa, koma fayilo inayake ikuima pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Phokoso la pa waya silisankha malo. Vuto lobwerera pamalo amodzi limakhala la m'makina.

Makompyuta akale analinso ndi kachipangizo kolandirira zilembo kotchedwa 8250 kapena 16450, komwe kankasunga chilembo chimodzi chokha pa nthawi. Kompyuta ikatanganidwa pang'ono, chilembo chatsopano chinkafufuta chinzake. Kachipangizo katsopano ka 16550 kankasunga zilembo 16. Wopanda ndalama yosinthira ankangotsitsa liwiro la pakati pa kompyuta ndi modemu, n'kutseka mapulogalamu ena onse.

Magetsi nawo anali ndi mbali yake. Kuphethira kwa magetsi, kapena jenereta yosakhazikika, kunkazimitsa modemu kwa kamphindi, ndipo mzere unkaduka ngakhale waya uli bwino.

Kabuku ka pambali pa makina

Maofesi osamala ankasunga kabuku kolembamo tsiku, ola, nyengo, liwiro limene lapezeka ndi mawu amene atuluka pa galasi. Pakatha milungu iwiri kabukuko kankaonetsa kokha ngati vuto limadza ndi mvula, ndi ola la chakudya chamasana pomwe anthu amanyamula lamya, kapena ndi fayilo imodzi. Mmisiri wa malamya akauzidwa kuti mzere umathetheka mvula ikagwa, ankadziwa pokayang'ana. Akangouzidwa kuti kompyuta yakana, ankanyamula lamya, kumva kuti ikulira, n'kubwerera.

Pochepetsa ndalama, makalata ankalembedwa mzere uli wotseka, n'kutumizidwa onse pamodzi. Fayilo yaikulu inkapanikizidwa ndi kudulidwa m'zigawo, kuti chigawo chimodzi chikaonongeka atumizenso chokhacho. Ankadziwanso kuti fayilo yomangiriridwa ku imelo imakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu ikamayenda. Zonse zikakanika, disiketi inkaikidwa mu envulopu n'kupatsidwa dalaivala wopita ku Tete.

Zimene zatsala lero

Nthawi ya modemu za lamya idapita. Foni za m'manja zidayamba m'dziko muno ndi mcel mu 1997, Vodacom idabwera mu 2003, ndipo Movitel, yomwe idafika m'midzi yambiri, idayamba mu 2012. Chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chidafika ku Maputo mu 2009. TDM ndi mcel zidaphatikizidwa kukhala Tmcel. Ngakhale ku America, kampani ya AOL idatseka intaneti yake yoyimbira pa lamya mu Seputembala 2025.

Komabe uthenga umayendabe m'timitolo toyesedwa, ndipo njira ya amisiri aja ikugwirabe ntchito kwa wa foni ya m'manja. Choyamba n'kuona za pafupi: batire, ndalama kapena mamega otsala mu foni, ndi dzina la netiweki lolembedwa pamwamba pa galasi. Kwa anthu a ku Calómuè, Zóbuè, Cassacatiza, Milange ndi Mandimba, dzinali n'lofunika kwambiri, pakuti foni imatha kulumphira yokha pa netiweki ya Malawi kapena ya Zambia, ndipo zikatero intaneti imakana kapena ndalama zimatha msanga. Kusankha netiweki ndi manja m'malo moisiya foni kuti isankhe yokha kumachepetsa vutoli.

Chachiwiri n'kusintha chinthu chimodzi pa nthawi. Munthu akasuntha malo, n'kuzimitsa foni, n'kusinthanso khadi nthawi imodzi, sadziwa chimene chathandiza, ndipo mawa adzavutikanso. Pomwe netiweki ili yofooka, mawu olembedwa amadutsa pomwe kanema wakanika, monga mmene 9,600 inkapambanira 28,800 pa waya wa dzimbiri.

Chachitatu chikukhudza thumba. Wotumiza ndalama pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, foni ikaima pakati, asathamangire kutumizanso. Adikire uthenga wotsimikizira, aone ndalama zotsala, afunse wolandira, ndipo asunge nambala ya uthengawo kuti akaonetse kwa wothandiza ngati pakhala kusamvana. Kompyuta ya 1977 sinkatumizanso kamtolo isanamve yankho la inzake, ndipo mlimi amene wagulitsa mbatata yake ya kachewere ali ndi chifukwa chokulirapo chochitira chimodzimodzi. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.